Khoswe Akakhala Pamkhate

Chakudza sichiimba ng'oma. Makolo ponena mawu amenewa ankaganiza za njala, za nkhondo, za maliro ogwa usiku anthu ali mtulo. Ine ndikawakumbukira masiku ano maganizo anga amapita pa nthenda ina imene ambiri a inu simunaimvepo, ndipo ndikupempha Mulungu kuti isadzaponde pakhomo panu. Ndi khansa ya m'magazi imene imakakhazikika m'tiziwalo tiwiri tating'ono tokhala pamwamba pa impso, kena kumanja kena kumanzere. Madokotala amatitcha adrenal, ndipo khansa yake amati lymphoma ya mu adrenal. Ndi yosowa zedi, moti dokotala akhoza kugwira ntchito mpaka kukapuma osakumana nayo. Nanga ndikudzivutitsiranji kuikamba? Ndikutero chifukwa kabisalidwe kake n'komwenso matenda ena ambiri amabisala nako pakati pathu. Amavala nkhope ya nthenda yozolowereka, anthu n'kumachiza nkhopeyo miyezi ikupita, wodwala akutha.

Kachiwalo kamodzi ka adrenal kamalemera magalamu 4 kapena 5 basi, ngati shuga wa pa supuni imodzi ya tiyi. Koma moyo wa munthu wamangidwa pomwepo. Mbali yakunja ya kachiwaloka imapanga cortisol, amene amathandiza kuti shuga asathe m'magazi, kuti BP isagwe, ndiponso kuti thupi lipirire munthu akadwala malungo, akavulala kapena akachitidwa opaleshoni. Imapanganso aldosterone, amene amalamula impso kuti zisunge mchere ndi madzi. M'katikati mwake ndi mmene mumachokera adrenaline, uja amagunditsa mtima ukakumana ndi njoka panjira. Munthu amakhala ndi moyo ndi impso imodzi, ena amakhala alibe ndulu, koma tiziwalo tiwiriti tikafa tonse, popanda mankhwala olowa m'malo mwake, munthuyo sakhalitsa.

Zimenezi sizinadziwike msanga. Katswiri wina wa ku Italy, Bartolomeo Eustachi, anatifotokoza tiziwaloti m'zaka za m'ma 1560, koma panadutsa zaka pafupifupi 300 anthu akungotiona osadziwa ntchito yake. Amene anatsegula khomo ndi Thomas Addison, dokotala wa pa Guy's Hospital ku London. M'chaka cha 1855 analemba za odwala 11 amene ankafooka pang'onopang'ono, mtima ukugunda mopanda mphamvu, m'mimba mosakhazikika, khungu likuda modabwitsa. Atamwalira n'kuwaunika m'kati, anapeza kuti tiziwalo tija tawonongeka. Mwa ambiri chinawononga chinali chifuwa chachikulu cha TB, mwa ena inali khansa. Chaka chotsatira, Charles-Édouard Brown-Séquard anachotsa tiziwaloti mwa nyama, nyamazo n'kufa zonse mwamsanga. Ndipo pachipatala chomwe chija cha Guy's, m'chaka cha 1832, Thomas Hodgkin anali atafotokoza kale nthenda yotupitsa anabere, imene ndi chiyambi cha zonse zimene tikudziwa lero za lymphoma. Addison ndi Hodgkin anagwira ntchito pamalo amodzi, aliyense atagwira chingwe chake. Nthenda imene ndikukamba pano ndi mfundo imene zingwe ziwirizo zimakumanira.

Lymphoma ndi khansa ya asilikali a m'thupi, maselo oyera aja amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo. Selo imodzi imasokonekera, n'kuyamba kuswana mosalekeza. Kawirikawiri zimenezi zimachitikira mwa anabere a m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, ndipo munthu amadzigwira yekha n'kumva chotupa. Yoyambira mu adrenal ilibe chifundo choterocho. Ili m'kati, cha kumsana, kumene dzanja silifika. Chodabwitsa china n'chakuti mu adrenal ya munthu wabwinobwino mulibe malo okhalamo asilikali amenewa monga mmene ziliri mwa anabere, choncho khansayi imamera pamalo pamene ngakhale dokotala sangaiyembekezere. Pa odwala 100 a lymphoma ya mtundu wofala wotchedwa non-Hodgkin, oyambira mu adrenal sakwana ndi mmodzi yemwe.

M'chaka cha 2013 madokotala awiri, Rashidi ndi Fisher, anasonkhanitsa nkhani za odwala 187 zimene zinali zitalembedwa m'magazini a zachipatala a mayiko osiyanasiyana. Anapeza kuti ambiri anali anthu achikulire, a zaka za m'ma 60, ndipo amuna anali ochuluka pafupifupi kawiri kuposa akazi. Mwa odwala 7 pa 10 alionse, khansayo inali itagwira mbali zonse ziwiri. Pafupifupi 8 pa 10 anali ndi mtundu wolusa wotchedwa diffuse large B-cell lymphoma, umene umakula m'masabata ndi m'miyezi, osati m'zaka. Ndipo pafupifupi 6 pa 10 tiziwalo tawo tinali titalephera kale kupanga cortisol wokwanira. Apa ndiye pagona nkhani. Adrenal ndi yopirira: imagwirabe ntchito mpaka pafupifupi magawo 9 mwa 10 atawonongeka. Ndiye kuti tsiku limene munthu wayamba kuoneka kuti akudwala kwenikweni, chotupa chakula kale, ndipo ali ndi adani awiri, khansa yokhayo ndi kusowa kwa cortisol. Wachiwiriyu ndi amene angamutenge msanga kuposa woyamba.

Tsono tiyeni tione mmene zimayendera pakhomo. Tiyerekeze bambo wa zaka 60 ndi mphambu, mlimi, amene khasu silinamukanepo. Ayamba kunena kuti, "Thupi langoti lefu, mphamvu ndilibe." Nsima aidya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Akadzuka pampando, chizungulire chimugwira mpaka agwirire khoma. Usiku thukuta lochita kunyowetsa zofunda, masana kathupi kotentha kosatha. Msana ukuwawa cha m'nthiti zam'munsi. Lamba wayamba kusowa bowo. Ndiwo iliyonse akuti mulibe mchere, mpaka mayi a m'nyumba kudandaula kuti, "Bambo, kodi mwayamba kunyoza kuphika kwanga?" Ana akuti, "Ababa akungokalamba." Ena akuti magazi achepa, amwe zamasamba. Ena akuloza chala kwa mnansi amene anakangana naye za malire a munda. Aliyense ali ndi yankho lake, ndipo yankho lililonse likudya sabata.

Akapita kuchipatala chaching'ono amuyeza malungo, apatsidwa mankhwala, abwerera kunyumba. Ulendo wina apatsidwa mankhwala opha tizilombo. Kenako pabwera dzina limene aliyense amaliyembekezera: TB. Kuonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, ndi zizindikiro zake zenizeni. Makhololo akapanda kuonetsa kanthu, amaganiza kuti ndi TB ya m'kati, ya kunja kwa mapapo, ndipo imeneyo ilipodi.

Pano ndifuna mundimvetse bwino, chifukwa sindikunyoza achipatala. M'mayiko athu ano mmene TB ili ponseponse, ndi iyoyo imene imatsogola pa zowononga adrenal, monga momwe zinalili ku London m'masiku a Addison. Dokotala akaona tiziwalo tonse tiwiri tatupa n'kuganiza za TB, waganiza bwino, ndipo nthawi zambiri amakhala atalondola. Vuto limabwera ganizo loyamba likasanduka chigamulo chosabwezeka. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Munthu wa TB yeniyeni akayamba mankhwala, pakapita masabata angapo pamaoneka kusintha: thupi limazizira, chilakolako cha chakudya chimabwerera, sikelo imayamba kukwera. Ngati miyezi iwiri ikukwana iye akungotsika, pamenepo pafunika munthu woti anene kuti, "Tiyeni tionenso." Madokotala a kuno kum'mwera kwa Africa akhala akudandaula okha za odwala lymphoma amene amayamba amwa mankhwala a TB kwa nthawi yaitali nthenda yeniyeni isanapezeke. Pali chinanso choopsa chimene anthu ochepa amachidziwa. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya cortisol mofulumira. Kwa munthu amene cortisol wake ndi wochepa kale, mankhwala abwinowa akhoza kumugwetsa m'masabata oyambirira. Sindikunena kuti wina asiye yekha mankhwala a TB, ayi, kutero n'kudzikumbira dzenje. Ndikunena kuti akamafookerafookera, akamasanza, akamakomoka, mubwerere naye tsiku lomwelo n'kukafotokoza zonse. Safunsa anadya phula, ndipo kufunsa dokotala mwaulemu kuti, "Adokotala, bwanji bambo athu sakusintha, kodi sipangakhale china?" si chipongwe.

Chizindikiro chimene chinatchukitsa Addison, kuda kwa khungu kuja, chinalembedwa poyang'ana azungu. Pa khungu lathu sichionekera patali. Woyang'anitsitsa amachipeza m'mizere ya m'zikhatho, m'nkhama, pa lilime, m'kati mwa masaya ndi pa zipsera zatsopano. Nthawi zina amayamba kuchiona ndi mlongo wake amene wakhala chaka osamuona, n'kunena kuti, "Achimwene, mwada bwanji?" Mawu otere musawataye, kawanenereni adokotala. Komabe lymphoma imathamanga, ndipo mwa odwala ambiri khungu silipeza ndi nthawi yosinthira. Zimene zimaulula msanga ndi magazi: mchere wa sodium wotsika, potassium wokwera, shuga wochepa, pamodzi ndi BP imene imagwa munthu akaimirira. Pa lymphoma palinso chinthu china m'magazi chotchedwa LDH chimene chimakwera mwa odwala ochuluka. Komwe kuli kotheka, amayeza cortisol weniweniyo m'mawa, nthawi imene amayenera kukhala wochuluka.

Tsiku loopsa likafika, limafika ndi liwiro. Kamatenda kakang'ono, kaya chimfine kaya kutsegula m'mimba, kamapeza thupi lilibe chodzitetezera. Wodwala amasanza mosalekeza, m'mimba mumapota, amabalalika mutu, manja amazizira, BP imatsika mpaka makina kulephera kuiwerenga. Pamenepa palibe zodikira zotsatira za ku labu. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Chofunika ndi jakisoni wa hydrocortisone, mamiligalamu 100 kwa munthu wamkulu, ndi diripi ya madzi a mchere yothamanga, ndi shuga ngati watsika. Hydrocortisone ndi cortisol yemwe uja wopangidwa kufakitale. Addison analibe mankhwala amenewa, odwala ake ankangowaonerera. Mankhwalawa anabwera patapita zaka pafupifupi 100, kudzera m'ntchito ya Edward Kendall, Philip Hench ndi Tadeus Reichstein, amene analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1950. Lero ndi jakisoni wotsika mtengo, wodziwika m'zipatala, ndipo zimandiwawa mtima kuganiza kuti munthu angamwalire botolo lake lili m'kabati pafupi, chabe chifukwa palibe amene analiganizira.

Khosi likasungidwa, nkhani ya chotupa imayamba, ndipo apa mpamene pakhala khoswe pamkhate. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: ukamuponya mwala waswa mkhate, ukamusiya akuthera zam'katimo. Makina ojambula m'mimba amaonetsa zotupa pamwamba pa impso, nthawi zambiri zazikulu, za masentimita 8 kapena kuposa, pamalo pa kachiwalo kamene kanali kopyapyala. Koma chithunzi sichitchula dzina. Ikhoza kukhala TB. Ikhoza kukhala khansa yochokera m'mapapo kapena m'bere, pakuti adrenal imalandira magazi ambiri ndipo khansa zina zimakonda kutsikira pomwepo. Ikhoza kukhala nthenda ya mafangasi yotchedwa histoplasmosis. Kuti adziwe, ayenera kulowetsa singano kudzera kumsana n'kutapa kanyama kokaunika. Asanatero, ayenera kutsimikiza kaye kuti si chotupa china chotchedwa phaeochromocytoma, chimene chimadzaza adrenaline. Chimenecho ukachibaya singano, BP imakwera mwadzidzidzi mpaka kupha munthu ali pabedi pomwepo, ndiye amayamba ayeza magazi kapena mkodzo. Palinso msampha wina. Mankhwala a gulu la steroid, mmene mulinso hydrocortisone uja, akaperekedwa ochuluka amasungunula lymphoma kwa kanthawi, moti singano ikhoza kutapa zinthu zakufa zosawerengeka, khansa n'kudzabweranso itabisala. Choncho dokotala amapereka mlingo wosunga moyo mosazengereza, koma amasamala kuti asathire wochuluka mwachisawawa kanyama kasanatapidwe.

Abale ambiri amatopa pamenepa. Amati, "Si angong'amba n'kuchotsa chotupacho?" Ndimawamvetsa, pakuti chinthu chooneka pachithunzi mtima umafuna chichoke. Koma lymphoma ndi nthenda ya maselo oyenda ndi magazi. Mpeni ungachotse chimene diso laona, n'kusiya mbewu zake zili paulendo. Opaleshoni yokha siichiritsa nthenda imeneyi, ndipo imachedwetsa mankhwala enieni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake kukhale kwa masiku, kusakhale kwa miyezi, chifukwa muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Miyambi iwiriyi imaoneka ngati ikutsutsana, koma pa nthenda iyi yonse ndi yoona nthawi imodzi, ndipo luso la dokotala wabwino ndi kuyenda pakati pake.

Kanyama kaja kamafuna katswiri wokaunika ndi mankhwala apadera osonyeza mtundu wa maselo. Kwa zaka zambiri ichi ndicho chinali chipsinjo chathu chachikulu, anthu kudikira zotsatira mpaka kuikidwa m'manda zisanabwere. Pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe anatsegula labu younikira zotupa m'chaka cha 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo kuchokera pamenepo odwala lymphoma ambiri ayamba kudziwa dzina lenileni la nthenda yawo. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre akhala akuchiza ana odwala lymphoma ya Burkitt kwa zaka zambiri, ija yotupitsa nsagwada ndi mimba, imene Denis Burkitt anaifotokoza ali ku Kampala m'chaka cha 1958. Lymphoma si mlendo kwathu, makamakanso chifukwa kachilombo ka HIV kamaichulukitsa. Chachilendo ndi malo awa, mu adrenal, amene nthenda iyi yasankha.

Mankhwala ake ndi ophatikiza asanu, amene madokotala amawatchula mwachidule kuti R-CHOP: rituximab, cyclophosphamide, doxorubicin, vincristine ndi prednisone. Amaperekedwa pakapita masiku 21 alionse, kawirikawiri maulendo 6. Vincristine anachokera ku kaduwa kaja ka pinki kapena koyera kochokera ku Madagascar, kamene kamamera m'mbali mwa nyumba zathu zambiri popanda wokathirira. Ndikuchenjezeni pomwepa kuti kuwiritsa masamba ake n'kumwa sikuchiza khansa, ndi poizoni, pakuti mankhwalawo amachita kuwasefa kufakitale ndi kuwayeza mlingo mosamala kwambiri. Rituximab ndiye anasintha zinthu. Anavomerezedwa ku America m'chaka cha 1997, ndipo amagwira maselo okhala ndi chizindikiro chotchedwa CD20, chimene maselo a khansa imeneyi amakhala nacho. Asanabwere iyeyu, ambiri odwala lymphoma ya mu adrenal sankamaliza chaka. Madokotala a ku South Korea atatsatira odwala 31 amene analandira R-CHOP, analemba m'chaka cha 2012 kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali moyo patapita zaka ziwiri. Nthendayi idakali yoopsa kuposa lymphoma zina zambiri, ndipo ili ndi khalidwe loipa lobwerera kudzera mu ubongo, n'chifukwa chake madokotala ena amawonjezera mankhwala otha kufika kumeneko. Komabe pali anthu amene anachira n'kubwerera kuntchito zawo, ndipo zimenezi kale kunalibe.

Mtengo wa rituximab ndi umene wakhala ukutitsekereza. Ku Lilongwe komweko anayesa kumupereka pamodzi ndi mankhwala anayi ena aja kwa odwala 37 a lymphoma ya mtundu wolusa uja, ambiri mwa iwo ali ndi HIV, ndipo zotsatira zofalitsidwa m'chaka cha 2021 zinaonetsa kuti n'zotheka kutero kuno kwathu mosaika odwala pachiswe chopitirira. Zikatere funso silikhalanso lakuti kodi zingatheke, limakhala lakuti kodi ndani alipire kuti mlimi wa ku Ntchisi awapeze monga mmene amawapezera munthu wa ndalama wopita ku India kapena ku Johannesburg. Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi loyenera kufunsidwa mokweza, kwa aphungu ndi kwa osunga thumba la boma, chifukwa mankhwala amenewa sathandiza nthenda yosowayi yokha, amathandiza lymphoma zimene zadzaza m'mawodi athu.

Amene amasenza zonsezi tsiku ndi tsiku ndi gadiyani, kaya ndi mkazi wa wodwalayo, kaya mwana wake wamkazi amene wasiya geni yake kumsika. Iye ndi amene amagona pansi pa bedi, amaphika kukhitchini ya magadiyani, amawerenga masiku 21, amasaka ndalama ya minibasi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo banja limene limasiyira munthu mmodzi ntchito imeneyi kwa miyezi isanu limadzadwazika awiri. Mankhwala a khansa amathothola tsitsi, amachititsa nseru, ndipo amagwetsa asilikali a m'thupi makamaka m'sabata yachiwiri. Kutentha thupi panthawi imeneyo si kodikira kuti kuche.

Ngakhale khansa itatha, tiziwalo tija nthawi zambiri sitibwerera mwakale. Ambiri amamwa mapiritsi a hydrocortisone moyo wawo wonse, kawiri kapena katatu patsiku, wochuluka m'mawa podzuka monga mmene thupi limachitira palokha, ndipo ena amafunikanso fludrocortisone wosunga mchere. Mapiritsi amenewa sadumphitsa, ndipo sasiyidwa chifukwa munthu wapeza bwino kapena chifukwa wina wamupempherera n'kumuuza kuti ataye. Akadwala malungo kapena kutentha thupi, mlingo umawonjezedwa monga mmene adokotala anamulangizira, kawirikawiri kuwirikiza kawiri. Akamasanza moti piritsi silikhala m'mimba, afunika jakisoni mwamsanga. Zonsezi zilembedwe moonekera bwino patsamba loyamba la buku lake la kuchipatala, ndipo pakhomopo pakhale anthu awiri kapena atatu ozidziwa, pakuti tsiku limene adzazifune kwambiri iye mwini akhoza kukhala atakomoka, ndipo wolankhula ndi namwino wa usiku adzakhala mdzukulu amene wamuperekeza.